Sanda ya Alamu Anga Inabwera pa Basi

Ine ndinakulira kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege la Chileka, mbali ya kwa Kuntaja, koma mpaka lero sindinapondemo m'ndege. Kwathu ndege inali wotchi. Ija yochokera ku Joni ikamatsika masana, amayi ankadziwa kuti nthawi yoweruka kumunda yapitirira. Tinkaizindikira ndi kulira kwake komwe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti tsiku lina ndidzapikisana nayo liwiro, ine ndili pa basi, iyo itanyamula mtembo wa alamu anga.

Alamu angawo anali Yusufu, telala wa ku Lirangwe, amene anakwatira mlongo wanga Mele. Ife ndife a tchalitchi cha mishoni, iwo ndi Asilamu, ndipo Mele atalowa m'banjamo anakhala Mariamu. Poyamba kwathu kunali kulankhula, ine ndemwe ndinali patsogolo, koma Yusufu anali munthu wovuta kudana naye. Ndi iye anandiitanira ku Joni, ndi iye anandipezera ntchito yosamala maluwa pakhomo pa mzungu wina, ndipo zaka zinayi tinagona chipinda chimodzi, iye ndi makina ake osokera pafupi ndi zenera, ine ndi Baibulo langa pafupi ndi chitseko. Chaka chimenecho kuzizira kwa mwezi wa June kunamulowa m'chifuwa. Anatsokomola sabata ziwiri akusokabe, anagona m'chipatala masiku atatu, n'kutisiya.

Anzake a kumzikiti ndi kagulu kathu ka Amalawi kothandizana pa maliro anayendetsa zonse. Anamusambitsa iwo, anamukulunga iwo, ine ndinangoima panja monga mwa mwambo wawo. Mapepala anatenga masiku, kenako tinauzidwa kuti mtembo ukwera ndege Lachinayi. Mayi wa mu ofesi ya okonza maliro anandiwerengera ngati akuwerenga mndandanda wa zogula: kunyamuka cha m'ma teni m'mawa, kutera pa Chileka wani koloko isanakwane, maola awiri ndi mphindi zochepa. Makilomita oposa chikwi ndi mazana atatu, maola awiri! Pamsewu, kudzera ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, ndi tsiku ndi theka ngati Mulungu akukukonda. Tikiti ya munthu wamoyo panalibe. Gawo langa linali kulongedza katundu wa malemu ndi kutsogola pa basi Lachiwiri, kuti Lachitatu madzulo ndikhale ndili pa Lirangwe, ndigone, ndidzuke, ndikailandire ndegeyo ngati bwana.

Amene analowapo m'chipinda cha telala akudziwa kuti nsalu imakhala paliponse. Ndinagawa zidutswa kwa anzake, ndinapinda zovala, ndinamasula mutu wa makina pa thebulo lake chifukwa makinawo ndiwo anali chuma chokha chimene Mele akanadyera. Ndinafuna chokulungira kuti asakalike m'njira. Pansi pa sutukesi ndinapeza nsalu yoyera, yaitali, yosasokedwa, yopindidwa bwino m'pulasitiki. Ndinati iyi ndi yoika m'kati mwa majekete. Ndinakulunga mutu wa makina uja kanayi konse, ndinamanga ndi chingwe, ndinauika m'katoni, ndinadziyamikira kuti ndine munthu wadongosolo. Safunsa anadya phula.

Dongosolo lomwelo linandifikitsa pa depoti woyamba, anthu ena asanasambe n'komwe. Basi yathu inkakoka thirela, ngolo ya katundu ija, ndipo katoni yanga ndiyo inalowa yoyamba, mpaka kukona ya kutsogolo. Pambuyo pake panabwera mafiriji, mabelo a mabulangete, zigubu za mafuta ophikira, matayala, njinga, mpaka chitseko cha thirela anachitseka anthu atatu ndi mapewa. Ine ndinaima poteropo manja m'thumba, ndikumvera chisoni ochedwa.

Mpando wanga unali pafupi ndi Anaphiri a ku Ndirande, mayi wa geni ya mabulangete amene msewuwo ankaudziwa ngati njira ya kuchitsime. Tisanatuluke m'tauni anali atandifunsa kale kwathu, mpingo wanga ndi chifukwa chimene nkhope yanga inali yakugwa. Nditawauza za maliro anandipatsa pepani ndi dzira lowiritsa. Tinadutsa Pretoria, tinaima pa Polokwane kugula buledi, tinakwera mapiri, ndipo dzuwa likupendeka tinali kulowa Musina, tauni yomaliza ya dzikolo. Pamenepo foni yanga inalira.

Anali a Haji, bambo ake a Yusufu. Ndi munthu wogulitsa mchere ndi usipa pa msika wa Lirangwe, wamfupi, wosachulutsa mawu. Dzina limenelo analitenga chifukwa anapitako ku Makka kamodzi, atasunga moyo wawo wonse.

"Layisoni, mwafika pati?"

"Tikulowa Musina, bambo."

"Mwayenda bwino. Ndimati ndifunse. Nsalu ija munawapatsa osambitsa aja?"

"Nsalu iti, bambo?"

A Haji analankhula pang'onopang'ono. Anati ali ku Makka anagula nsalu yoyera, anainyika m'madzi a chitsime cha Zamuzamu, anaiyanika komweko, kuti idzakhale sanda yawo, yowakulungira pa tsiku lawo lomaliza. Tsiku limene Yusufu ankanyamuka kupita ku Joni anamupatsa iyeyo. Anamuuza kuti kumeneko n'kutali, zikakavuta asakamukulunge mu nsalu ya m'sitolo, iwo ndi okalamba, adzafera pakhomo pali anthu. Anaganiza kuti Yusufu anatiuza. Yusufu sanauze aliyense, kaya ankaopa kuitana imfa, kaya ankangoti nthawi ilipo.

Ndinaiona nsaluyo m'maso mwanga, itazungulira chitsulo kanayi, chingwe chitailuma.

"Ilipo, bambo," ndinatero. "Ndili nayo pa basi pano." Za makina sindinanene.

"Alihamdulillahi. Ife sitiika munthu m'bokosi. Akafika titsegula, timuveka yakeyo. Koma mumve bwino, mwanangu. Mwana wanga wakhala osaikidwa m'manda masiku asanu ndi anayi, chinthu chimene kwathu sichichitika. Lachinayi dzuwa silimulowera ali pamtunda."

"Ndifika Lachitatu, bambo. Ndipo ngakhale nditachedwa pang'ono, maliro amadikira wa kutali."

"Amenewo ndi a kwanu, Layisoni. Athu sadikira."

Sananene mokalipa, koma ndinamva kuti pamenepo palibe chowonjezera. Kwathu ku tchalitchi mtembo umatha kugona m'chipinda chozizira sabata yathunthu kudikira mwana wa ku Ulaya, kwaya ikuphunzira nyimbo. Ine ndinali nditayeza ulendo wonse ndi mlingo wa kwathu.

Basi itaima pomwetsa mafuta ndinathamangira kwa dalaivala kuti anditsegulire thirela. Anandifunsa kuti katundu wanga analowa nthawi yanji. Nditati woyamba, anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, mukufuna nditsitse matani onsewa pano, pa filing'i ya eni ake? Mudikire pa boda." Pa boda pa Beitbridge ndi pomwe zinaipiratu. Chifukwa katunduyo ankangodutsa m'mayiko awiriwo, a kasitomu anamanga chitseko cha thirela ndi kawaya kokhala ndi nambala, ndipo lamulo lake linali lakuti kawayako kakadulidwe ku Mwanza, kwathu, osati kwina kulikonse. Ndinakagwira kawayako ndi chala. Kanali kakang'ono kuposa chingwe cha nsapato.

Mabasi anali atandandalika kuyambira pa mlatho mpaka kumene maso amalekeza. Tinagona pa mzere, ndipo Lachitatu kunacha tili pomwepo. Anaphiri anayamba kuwerengera ndi zala: "Tikachoka pano naini isanakwane, Nyamapanda tikaipeza yotsegula. Ikadutsa naini, tagonanso." Nyamapanda ndi boda yotulukira Zimbabwe, ndipo masiku amenewo inkatsekedwa madzulo. Naini inatipeza tili pa mzere wodinditsa mapasipoti. Teni inatipeza tikudikira bambo wina amene masiku ake okhala m'dzikomo anali atapitirira, akufotokoza mbiri ya moyo wake pa zenera. Ine ndinkayenda uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira, mpaka Anaphiri anandikoka malaya. "Khalani pansi inu. Kuyendayenda sikudinda pasipoti." Tinanyamuka leveni itadutsa.

Ndinadzitonthoza kuti palibe kanthu. Tikagona pa Nyamapanda, tikhala oyamba kuwoloka m'mawa, ndipo pa Lirangwe ndifika masana, ndege isanatere kapena itangotera. Ndinadya nthochi ziwiri. Ndinayambanso kucheza.

Titadutsa Masvingo, kunayamba kununkha chitsulo chopserera. Wa mpando wakumbuyo anakuwa kuti thirela ikufuka. Dalaivala anaimika pambali pa msewu, pamalo opanda nyumba, opanda mtengo wa mthunzi, ndipo tonse tinatsika kukaona gudumu limodzi la thirela litapendekeka, mafuta akuda akuchucha. Kondakitala anati bering'i yapsa, ndipo yosinthira analibe. Anaimitsa lole, n'kubwerera ku Masvingo kukasaka ina.

Ola loyamba anthu ankaseka. Lachiwiri anayamba kutukwana kampani. Lachitatu dalaivala anaimba foni kwa mabwana ake, n'kubwera ndi nzeru: thirela itsale pomwepo ndi kondakitala, basi ipitirire, katundu atipeza ku Blantyre Lachisanu kapena Loweruka. Amene analibe katundu anawomba m'manja. Ine sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinapita n'kukhala pa chitsulo cholumikiza basi ndi thirela, miyendo uku ndi uku, ndipo ndinati amene akufuna kumasula ayambe wamasula ine. Munthu ine ndine dikoni, sindinayambepo ndewu pagulu, koma tsiku limenelo mawu anga anamveka mpaka kutsidya kwa msewu.

"Mkuluyu wapenga?" anafunsa mnyamata wina wa jekete lachikopa. "Muli golide m'menemo?"

Anayankha ndi Anaphiri, amene ndinali nditawaululira zonse usiku uja wa pa boda. Anaima pakati pa msewu ndi basi, chitenje atamanga m'chiuno, n'kufotokoza zonse: telala, nsalu, ndege ya mawa, dzuwa la Lachinayi. Ndinachita manyazi kumva uchitsiru wanga ukulengezedwa, koma palibe anaseka. Bambo wina wovala kofiya, amene ulendo wonse sanalankhule, anabwera n'kukhala pa chitsulo chija pambali panga. Amayi a geni nawonso sankafuna kusiyana ndi mabelo awo, tisanamizane, koma anapeza chifukwa choyera choimirira. Dalaivala anatiyang'ana, analavula, n'kukagona pa mpando wake.

Kondakitala anabwera dzuwa litalowa. Harare tinaidutsa anthu ali m'tulo, ndipo pa Nyamapanda tinafika kukucha, Lachinayi, n'kupeza mabasi asanu amene anagona pomwepo ali patsogolo pathu. Tinawoloka naini itakwana, tinadinditsanso mbali ya Mozambique, ndipo teni koloko inandipeza ndili pa msewu wa ku Changara, pakati pa milambe ndi mbuzi. Ndinayang'ana wotchi. "Akukwera tsopano," ndinauza Anaphiri. Yusufu, amene ankaopa ngakhale chikepe cha m'sitolo zazikulu, ankakwera ndege yake yoyamba.

Kuyambira pamenepo wotchi inandizunza. Mphindi khumi zilizonse ndinkaganiza kuti iye wadya makilomita oposa zana, ife tikuzemba maenje ndi kudikira ng'ombe ziwoloke. Zimene ife tinayenda Lachiwiri lonse iye anazimaliza ine ndisanamalize botolo la madzi. Pa Tete tinapeza mzere wa malole pa mlatho wa Zambezi, akuloledwa kuwoloka pang'onopang'ono. Kutentha kwa kumeneko sikudziwa June. Ogulitsa zakumwa ankagogoda mazenera, amayi ankadzipepesa ndi mapasipoti, ine maso anali kumwamba. Titafika pakati pa mlatho ndinaona kamzere koyera kutali kum'mawa, kakulowera chakwathu. Kaya inali yomweyo, kaya ina, sindidziwa. Ndinangopezeka misozi ikutsika, ndipo Anaphiri anayang'ana kumbali kuti andipatse mpata.

Wani koloko tinali titadutsa Moatize, tikukwera mapiri. Ndinadziwa kuti yatera. Ndinkachita kuona bwalolo, mpanda uja, njira ya kumunda kwa amayi, ngolo yonyamula katundu ikuyandikira pansi pa ndege. Munthu wafika kwawo, nsalu yake ikadali m'dziko la eni, ikukokedwa ndi gudumu la bering'i yogula m'njira.

Pa Zobue, pamwamba pa phiri, mafoni a kwathu amayamba kugwira. Anaphiri anaika khadi lawo la ku Malawi n'kundipatsa. Ndinaimbira Mele. Iye sanapite ku Chileka, chifukwa mkazi wamasiye kwawoko satuluka m'nyumba. Mawu ake anali otha ndi kulira.

"Achimwene, muli pati?"

"Pa Zobue. Tikulowa Mwanza posachedwa."

"Iii. Apongozi amutenga kale. Aimba kuti anyamuka pa Chileka thuu koloko. Manda akumba kale, a shehe afika, anthu adzaza."

Kuchoka pa Chileka kufika pa Lirangwe, kuzungulira ku Lunzu, ola silikwana. Ndinawerengera: firii koloko ali pakhomo, folo koloko amupempherera, hafu folo dothi lili pamwamba. Ine hafu folo ndingakhale ndisanaione n'komwe katoni yanga.

"Nsaluyo muli nayodi, achimwene?"

"Ili m'thirela, Mele."

"Bwerani nayo basi. Ngakhale mochedwa. Ndidzaione ndi maso."

Pa Mwanza tinapeza mabasi atatu akutsitsa katundu, chilichonse chikuyalidwa pansi, chikuwerengedwa, chikulembedwa. Ndi ntchito yawo, ndipo amene anadutsapo akudziwa kuti imatha kudya tsiku. Dalaivala anati ife nthawi yathu ikwana mwina madzulo. Ndinapita pa thirela, ndinagwiranso kawaya kaja. Ndikanatha kukadula ndi mano, koma ndikanagona m'chitokosi nsalu ili pomwepo.

Anaphiri sanandifunse maganizo. Anatenga bambo wa kofiya uja ndi amayi ena anayi, n'kulunjika kwa wa kasitomu wina amene anali ndi mapepala m'manja, mayi wamtali wa magalasi. Ndinawatsatira ngati wopalamula. Mayiyo anamvetsera osakweza mutu, kenako anandiyang'ana.

"Ndinu eni maliro?"

"Ndine mlamu wake, mayi."

"Katoniyo ili pati?"

"Kutsogolo kwenikweni. Pansi."

Anapumira m'mwamba, anayang'ana dzuwa, n'kuitanitsa chodulira. "Nsalu yokhayo. Makinawo atsala, awerengedwa ndi anzawo nthawi yake ikakwana. Ndipo zimene mutsitse muziyala bwino, sindikufuna chisokonezo."

Sindinaonepo anthu osadziwana akugwira ntchito chonchija. Tinapanga mzere, mabelo akudutsa m'manja, zigubu, matayala, firiji anainyamula anthu asanu. Mnyamata wa jekete lachikopa uja, amene anandifunsa za golide, ndi amene anakwawira m'katimo n'kutuluka ndi katoni yanga pamutu, fumbi lili mbuu. Ndinadula chingwe. Ndinayamba kufunyulula, kamodzi, kawiri, katatu. Pa kachinayi ndinaona zimene zinachitika. Makina anali atagona chammbali ulendo wonse, ndipo mafuta ake anali atatsikira pa nsalu. Panali banga lachikasu, lalikulu ngati chikhato, pakati penipeni.

Ndinayang'ana bambo wa kofiya uja. Iye anayang'ana bangalo, anandithandiza kupinda bangalo likhale m'kati. Anaphiri anavula mpango wawo n'kukulungira pamwamba. "Makinawa ndi anga mpaka ndiwatule pa Lirangwe," anatero. "Inu thamangani." Sindinkadziwa ngakhale dzina lawo loyamba, ndipo ndinkawasiyira chuma chonse cha mlongo wanga. Ndinene pompano kuti Loweruka anabwera nawo okha, atawasenza pamutu kuchokera pa siteji.

Inali hafu firii. Ndinakwera njinga yamoto mpaka pa Mwanza boma, n'kupeza minibasi ili ndi anthu asanu ndi awiri, woitanira akukuwa kuti yatsala malo a munthu mmodzi, bodza lawo la masiku onse lija. Ndinalipira mipando inayi yopanda anthu ndi ndalama za ku Joni zimene zinatsala m'thumba, ndipo dalaivala anayamba kunditchula kuti bwana. Komabe ankaima. Anaima kutsitsa mayi wa matumba a makala, anaima kukweza bambo wa nkhuku, anaima kupereka moni kwa mlamu wake. M'mtima ndinali nditagonja kale. Ndinkangokonza mawu okanena kwa a Haji pa manda okwiriridwa, ndipo mawu aliwonse ankaoneka opusa.

Pa Zalewa, titawoloka Shire, apolisi a pa chipata anatitsitsa kuti aone katundu. Mmodzi analoza phukusi limene ndinalikumbatira. Ndinati ndi sanda, maliro ali pa Lirangwe. Anabweza dzanja msanga n'kuuza dalaivala kuti azipita. Ndinapempha foni kwa bambo wa nkhuku uja. Inali kota tu faivi.

"Mele, aika kale?"

"Sanafike."

"Ukuti chiyani?"

"Sanafike, achimwene. Foni ya apongozi sikuyankhidwa. Anthu angoti kakasi, a shehe akungotuluka kuyang'ana dzuwa. Ena akuti mwina achita ngozi."

Mantha atsopano anandigwira. Maola atatu pa msewu wa ola limodzi! Ndinaganiza za galimoto itagubuduzika pa Lunzu, bokosi lili mu ngalande, nkhalamba ija ili m'chipatala. Dzuwa linali litafiira kumbuyo kwathu, lili pafupi kukhudza mapiri a ku Neno. Ndinauza dalaivala kuti akaimanso ndimulanda chiwongolero, ndipo ndikhulupirira anaona m'maso mwanga kuti sindikuseka.

Ndinatsika pa Lirangwe minibasi isanaime bwino. Pa msika anthu ankalongedza tomato, ena ataima m'mbali mwa msewu akuyang'ana kumwera, mbali ya ku Lunzu. Kumeneko kunkamveka mahutala. Ndinayang'ana nanenso. Kunkabwera kagalimoto kotsegula kumbuyo, magetsi onse anayi akuphethira, nthambi yobiriwira itamangidwa kutsogolo, kakuyenda liwiro loti wa njinga yakapalasa ankakapitirira. Kumbuyo kwake kunali malole awiri ndi minibasi zikudikira mpata wodutsa. Pa bodi panali bokosi ndi amuna anayi ovala makofiya, nkhope zitatopa. Kutsogolo, pambali pa dalaivala, panali a Haji, atakhala chilili, maso patsogolo.

Ndinathamanga pakati pa msewu phukusi lili m'mwamba. Galimoto inakhotera mu msewu wafumbi wa kumudzi, ndipo sinaime. Ndinayenda pambali pake, dzanja pa chitseko. Dalaivala, thukuta lili kamukamu, anandilankhula ngati wapeza womudandaulira. "Ndinu a nsalu aja? Akuluwa andipha lero. Kuchokera pa geti ya Chileka, giya wani ndi thuu basi. Ndikati ndiponde pang'ono, akundigwira bondo. Ndikati ndiye tiime tidikire, akukana."

A Haji anatembenuka n'kundiyang'ana, kenako anayang'ana phukusi.

"Bambo," ndinatero, mpweya ukuperewera, "mwandidikira."

"Ayi," anatero. "Ndinakuuzani kuti athu sadikira. Sitinaime paliponse. Funsani dalaivalayu. Timangoyenda."

Pakhomo anthu anaimirira onse, kulira kwa amayi kunabuka m'nyumba, amuna anatsitsa bokosi n'kulowa nalo kuseri kumene anatchinga ndi mikeka. A Haji anatambasula manja kuti ndiwapatse nsalu. Apa ndiye panali povuta kuposa maboda onse atatu. Ndikanatha kungopereka n'kuchokapo, akaone okha m'katimo. Koma ndinagwada pa fumbi, ndinamasula mpango wa Anaphiri, ndinafunyulula mpaka bangalo linaonekera.

"Bambo, ndinalakwa. Sindinadziwe. Ndinakulungira makina ake. Awa ndi mafuta a makina."

Amuna amene anali pafupi anayang'anana. Wina anayamba kunena kuti mwina achape msanga, wina anati nthawi palibe. A Haji anatenga nsalu ija, anaiyandikiza kumaso ngati akuwerenga kalata, kenako anaika mphuno pa bangalo. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, munthu amene anthu amati sanalire ngakhale pa maliro a mkazi wake.

"Musachape," anatero. "Mafuta a makina si uve. Umu ndi mmene ankanunkhira mwana wanga kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri." Anaipereka kwa a shehe. "Bangali likhale pachifuwa."

Anamuveka, anamupempherera ataima m'mizere, ndipo jeneza, chonyamulira maliro chawo chija, inayenda pa mapewa mothamanga monga amachitira. Ine ndinkatsalira kumbuyo, posadziwa ngati dikoni ali ndi malo pamenepo, koma dzanja lina linandikankhira kutsogolo, ndipo ndinasenza nawo alamu anga masitepe angapo. Dothi lomaliza linagwa dzuwa litatsala kachidutswa pamwamba pa phiri.

Ndinabwerera kwathu kwa Kuntaja, ku Joni sindinapitenso. Ndege ija imadutsabe pamwamba pa munda wa amayi masana, ndipo ana a masiku ano, amene amadziwa zonse za m'mafoni, amakonda kundiyesa. Amati, a Layisoni, inu munakhalako, kuchoka ku Joni kufika kuno pa ndege ndi nthawi yaitali bwanji? Ndimawauza kuti kufika pa Chileka ndi maola awiri ndi mphindi zochepa. Kuchoka pa Chileka kufika pa Lirangwe ndi maola atatu, ngati kutsogolo kwakhala bambo ako.